Mwana Wokana Nyama, Wodwala Akadya Buledi

Poyendera mabanja timamva makolo akudandaula kuti mwana akadya buledi kapena mandasi amatupa mimba ndi kutsegula, ndipo nyama nayo amaikana. Ena amam'kwapula poyesa kuti ndi matama. Tisatero. Alipo ana amene matumbo awo amaonongeka ndi guluteni, chinthu chopezeka mu tirigu ndi balere. Tipite naye kuchipatala tisanamuletse tiriguyo, kuti akamuyeze bwino.

Chotonthoza mtima n'chakuti chimanga, mapira, mpunga, chinangwa ndi mbatata zilibe guluteni. M'mawa tim'patse phala lothira nsinjiro kapena futali. Masana adye nsima ndi chipere, pakuti ana ambiri amadana ndi makungu a nyemba. Madzulo tim'phikire kachewere wathu wa ku Angónia ndi nkhwani wotendera. Nyemba ndi mtedza zimamanga thupi m'malo mwa nyama. Zitumbuwa za nthochi ndi mgaiwa zilowe m'malo mwa mandasi, koma tisazikazinge m'mafuta amene takazingira mandasi.

Chakudya chachilendo tizim'gawira pang'ono, mobwerezabwereza, osam'kalipira. Ndipo pokonza tiyi wa pamisonkhano, tiikepo mbatata yophika, kuti mwana wotere asangoyang'ana anzake akudya.