Ulemu kwa Madokotala Osathamangira Mpeni

Munthu akagwa pa kabaza n'kufikira nsonga ya phewa, nthawi zambiri chimene chimaguluka ndi kamfundo kamene fupa lopingasa m'munsi mwa khosi limakumanirana ndi fupa la phewa. Minyewa yomanga mafupawo ikaduka, mkono umakokera phewa pansi, nsonga ya fupa lopingasa lija n'kutumphuka pakhungu ngati kachulu. Achibale akaona zotere, mtima umakhala pa opaleshoni basi.

Lero tikuyamikira madokotala a mafupa amene amayamba aunika kaye asanatengere munthu ku fiyeta. Dokotala wa ku America, Charles Rockwood, anagawa kuvulala kumeneku m'magulu 6. Magulu awiri oyambirira safuna mpeni: kukoleka mkono m'khosi ndi nsalu, mankhwala opha ululu, kenako mafizo. Gulu lachitatu ndiye pamene akatswiri amakanganabe. Kafukufuku wa ku Canada wa mu 2015 anayerekeza odwala oikidwa chitsulo ndi ongokolekedwa mkono, ndipo anapeza kuti osachitidwa opaleshoni anabwerera kuntchito msanga. Patatha zaka ziwiri, mapewa a onse ankagwira ntchito mofanana. Kachulu kaja kamatsala, inde, koma wakabaza amadyera kupalasa, osati kusalala kwa phewa.

Fupa likakankhidwira kumbuyo mpaka kubaya mnofu, kapena likakwera mopitirira, apo mpeni ndi wofunikadi, ndipo ntchito yake si yamasewera. Ena amaika chitsulo cha ngowe chimene chimakola pansi pa fupa la phewa, ndipo pakapita miyezi ingapo chimafuna opaleshoni ina yochichotsa. Ena amaboola mafupa n'kuwamanga ndi ulusi wolimba wokhala ndi timabatani uku ndi uku. Chapafupi pomwepo pamadutsa mitsempha ya magazi ndi ya mphamvu yopita kumkono, choncho dzanja la dokotala liyenera kukhala lodekha.

Kuno kwathu, woyamba kugwira phewa lotere si kawirikawiri kukhala dokotala wamkulu. Amakhala clinical officer wa mafupa pachipatala cha boma, mmodzi wa aja amene maphunziro awo anayambitsidwa ndi Dr Ed Blair wa ku Canada mu 1985. Iwowa ndiwo amasankha woti abwerere kwawo ndi nsalu m'khosi ndi woti apite ku Queen Elizabeth kapena ku LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo cha pa Kamuzu Central. Akasankha bwino, amapulumutsa ndalama ya ulendo ya banja losauka, komanso amasungira malo mu fiyeta munthu wothyoka ntchafu. Ntchito imeneyi siimveka pa wailesi, koma ndi yaikulu.

Kuyamikaku kusatitseke maso. Pakadutsa masabata atatu, minyewa yoduka ija imavuta kulumikizika yokha, ndipo dokotala amafunika kuikapo mnyewa wotengedwa pena. Wodwala wochedwa pamzere wojambula ndiye amalipira kuchedwako ndi thupi lake. Anthu a mafizo nawonso ndi ochepa kumidzi, chonsecho phewa losaphunzitsidwa kukweza mkono limauma ngakhale opaleshoni itayenda bwino. Unduna wa Zaumoyo uyambire pamenepo.