Magazi a ng'ombe ndiwo adzatsegule misika ya nyama

Amene tili ku Britain tikukumbukira kuti kuyambira pa 12 Epulo 2025 munthu wochokera ku mayiko a European Union saloledwa kulowa ndi nyama ya ng'ombe, nkhumba, mbuzi kapena nkhosa, ngakhale tchizi. Lamuloli lidabwera matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi atapezeka ku Germany mu Januwale, koyamba chichokereni 1988, kenako ku Hungary ndi Slovakia. Anzathu a ku Joni nkhaniyi adaiwonera pafupi. Chaka chomwecho matendawa adalowa m'makola akuluakulu onenepetseramo ng'ombe ku Gauteng, China idaimitsa kugula nyama ya ku South Africa, ndipo chaka chikupita kumapeto nduna ya zaulimi, John Steenhuisen, idalengeza kuti ng'ombe za dziko lonse zibayidwa katemera.

Makolo, tisasokoneze: awa si matenda aja a matuza m'manja, m'mapazi ndi m'kamwa omwe ana amatengera ku nazale. Mayina ndi ofanana, tizilombo take n'tosiyana. A ziwetowa amagwira nyama za ziboda zogawanika. Ng'ombe imachucha dovu, imatsimphina, imaleka kudya, mkaka n'kuuma. Zikuluzikulu zambiri zimachira, ndipo vuto lagona pomwepo. Pakatha milungu ingapo ng'ombe imaoneka yabwinobwino, koma ina imasunga kachilomboko kukhosi kwa miyezi yambiri. Maso a wogula pamsika sangadziwe. Magazi ndiwo amaulula.

Kachilombo kakalowa, thupi limapanga timapuloteni totchedwa ma antibody, tomwe timamatirira pa kachilombo kameneko basi, monga kiyi alowera loko wake. Timayamba kuoneka patatha pafupifupi mlungu umodzi ndipo timakhalitsa m'magazi matenda atatha kale. Madokotala a ziweto amatigwiritsa ntchito m'njira ziwiri. Amatifufuza m'magazi a ng'ombe kuti adziwe ngati idakumanapo ndi matendawa. Amathanso kutenga ma antibody opangidwa kale mu labotale n'kusaka nawo kachilomboko m'chikhungu cha thuza. Kachipangizo kojambula mizere iwiri kaja tidazolowera nthawi ya Covid kamagwira ntchito chomwecho, ndipo kofanana nako kalipo ka matenda a ng'ombewa, koti dokotala akhoza kuyezera pakhola pomwepo. Luso lopanga ma antibody a mtundu umodzi wokhawokha lidatulukira ku Cambridge mu 1975, m'manja mwa César Milstein ndi Georges Köhler.

Kudziwa kuti matenda alipo n'chiyambi chabe. Kachilomboka kali ndi mitundu isanu ndi iwiri: O, A, C, Asia 1, SAT 1, SAT 2 ndi SAT 3, ngakhale wa C sunaonekenso chichokereni 2004. Katemera wa mtundu wina sateteza ku mtundu wina. Wa ku Germany uja udali O, pamene kum'mwera kwa Africa kumavuta kwambiri ma SAT, omwe amakhala mu njati osazidwalitsa. N'chifukwa chake madera oyandikana ndi Kruger amakhala tcheru nthawi zonse, n'chifukwa chakenso kwathu nkhani ya kutseka misika ya ng'ombe imabwerezabwereza ku Chikwawa ndi Nsanje, komwe ziweto zimadya moyandikana ndi nkhalango ya Lengwe. Ngakhale mkati mwa mtundu umodzi kachilombo kamasintha maonekedwe. Malabotale monga Pirbright ku Surrey ndi Onderstepoort kufupi ndi Pretoria amatenga magazi a ng'ombe yobayidwa n'kuwakumanitsa ndi kachilombo kongotengedwa m'khola, kuti aone ngati ma antibody ake akukagwira. Akakagwira mofooka, ndiye kuti katemerayo ndi ndalama zotaya.

Tsono chovuta cha South Africa chili apa. Ng'ombe yobayidwa katemera imapanga ma antibody, yodwala imapanganso. Wogula wa kunja adziwa bwanji kuti iyi idangobayidwa, iyo idadwala? Kuopa funso limeneli n'kumene kwachititsa mayiko olemera kusankha kupha ziweto m'malo mobaya. Britain mu 2001 idapha ziweto zoposa 6 miliyoni, chisankho cha dziko chidasunthidwa kuchoka Meyi kupita Juni, ndipo chuma chidataya mapaundi pafupifupi 8 biliyoni.

Yankho lilipo, ndipo ndi lanzeru. Katemera amapangidwa ndi kachilombo kakufa, kosathanso kuswana. Kachilombo kamoyo kakamaswana m'thupi kamapanganso mapuloteni ena ogwirira ntchito yoswanayo, omwe m'katemera wosefedwa bwino mulibe. Choncho ng'ombe yobayidwa imakhala ndi ma antibody olimbana ndi chikhungwa chokha, pamene yodwala imakhala ndi onse awiri. Kuyeza kwa ELISA kosaka ma antibody a gulu lachiwirili, makamaka a puloteni yotchedwa 3ABC, ndiko kumasiyanitsa. Ubwino wina, kuyezaku kumagwira mitundu yonse isanu ndi iwiri.

Koma tisachite kuombera m'manja msanga. Katemera wosasefedwa bwino, akabayidwa kangapo, amachititsa ng'ombe yosadwala kuoneka ngati idadwala. Mwana wa ng'ombe amayamwa ma antibody a mayi wake mu mkaka woyamba, ndiye magazi ake amatha kunena za matenda omwe iye sadadwalepo. Ndipo kuyezaku kumakhulupirika ukamayeza khola lonse, osati ng'ombe imodzi. Dziko lobaya ziweto mamiliyoni liyenera kukhala ndi katemera woyera, zizindikiro za m'makutu, kaundula wa ng'ombe iliyonse, ndi anthu okwanira kutenga magazi chaka ndi chaka. Kubaya kokha n'kosavuta kulengeza pa wailesi. Ife tikuona kuti mayeso enieni a boma la South Africa adzakhala pa kaundula ndi malabotale, chifukwa wogula wa ku China sadzafunsa kuti mudabaya zingati, adzafuna mapepala a magazi.

Kwathu vuto limayambira kutali ndi labotale. Msika ukatsekedwa, mlimi amene amadalira kugulitsa ng'ombe kuti alipire fizi amasowa pogwira, ndipo ena amaona chanzeru kukhala chete n'kukusa ziweto usiku kupita komwe kulibe chiletso. Sitingamuweruze mopepuka, koma matenda amayenda chomwecho, ndipo magazi amene sadatengedwe palibe makina angawayeze. Boma likafuna alimi aziulula msanga, liyenera kufulumira kuyeza n'kutsegula msanga madera opezeka oyera.

Ambiri mwa ife timatumiza ndalama kuti abale atigulire ng'ombe kapena mbuzi. Mtengo ukatsika modabwitsa m'dera lina, tifunse kaye chifukwa chake. Tifunsenso ngati chiwetocho chili ndi chilolezo cha ofesi ya ziweto chochisamutsira, ndipo chikafika chikhale pachokha milungu iwiri chisanasakanikirane ndi zinzake. Za nyama yofutsa m'sutikesi tisakambirane n'komwe. Kuchokera ku Africa idali yoletsedwa kale ku Britain lamulo la Epulo lisanabwere, ndipo mliri wa 2001 udayambira pa famu ina ya ku Northumberland komwe nkhumba zinkadya zotsalira za chakudya zosawiritsidwa.