Tiwakonzere zotsekemera ana, aonere filimu pakhomo

Masiku ano banja silifunika kukhala m'tauni kuti lionere filimu. Sola ya padenga, batire ndi kanema wamng'ono zafika m'midzi yambiri, ndipo pomwe palibe kanema, foni yotsamiritsa pakapu imathandiza ndithu. Mafilimu timakaikitsa pa memore khadi kwa anyamata obena nyimbo pamsika. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale zipangizo zonsezi zili m'nyumba, dzuwa likangolowa Loweruka ana amazemba mmodzimmodzi, ulendo wa ku vidiyo shoo.

Chimawakoka kumeneko si filimu yokha ayi. Pakhomo pa shoo pamakhala tchipisi cha pachiwaya, mafilizesi, maswiti ndi timapaketi ta zokhwasula tosiya utoto m'zala. Mwana akaba K200 m'chitenje cha amayi ake amadziwa bwino komwe akupita nayo. Zotsatira zake timaziona ndife aphunzitsi Lolemba m'mawa: ophunzira akusinza pa phunziro loyamba, ena akuyeserera zibakera ndi mawu otukwana omwe amva m'mafilimu omasulira aja. Atsikana amabwerera kwawo mumdima, nthawi zina mtunda wautali. Ndipo tonse tikudziwa kuti usiku ukapita, ma shoo ena amaonetsa zinthu zosayenera ana, mwiniwake osafunsa n'komwe zaka za amene walowa.

Kukalipa kokha sikumanga mwana pakhomo. Maganizo anga sabata ino ndi akuti makolo anzanga tisankhe tsiku limodzi pa sabata, Lachisanu kapena Loweruka, loonera filimu pamodzi ngati banja, ndipo tsikulo pazikhala kachakudya kotsekemera komwe anawo aphika nawo. Mwana amene wakanya yekha zitumbuwa sangachoke pakhomo asanazilawe. Zofunika zambiri zili kale kudimba ndi m'nkhokwe.

Tiyambe ndi zitumbuwa zomwezo. Tengani nthochi zinayi zakupsa kwambiri, zija zayamba madontho akuda zomwe ogulitsa amatsitsa mtengo madzulo. Zinyenyeni ndi foloko m'mbale, thiranimo kapu imodzi ya mgaiwa, kamchere ndi soda wa kunsonga ya supuni. Kanyani mpaka zigwirane moti n'kuumbika m'manja. Zikakhala zamadzimadzi onjezerani ufa pang'onopang'ono. Kunyenya ndi kuumba ndi ntchito ya ana, ngakhale wa Sitandade 1 angathe, koma kuponya m'mafuta otentha achite ndi wamkulu. Moto ukhale wapakatikati, chifukwa ukachuluka zitumbuwa zimada kunja m'kati muli mwauwisi. Nthochi ikapsa bwino shuga safunikanso.

Mafuta ophikira akavuta, chikondamoyo chilipo, chomwe ena amati chigumu. Sakanizani makapu awiri a mgaiwa, nthochi zinayi zonyenya, kamchere, theka la supuni yaing'ono ya soda ndi kapu imodzi ya chambiko. Pakani mafuta pang'ono m'poto, thiranimo, vundikirani. Pansi pakhale makala ochepa, ambiri akhale pamwamba pa chivundikiro. Pakatha mphindi 30 kapena 40 bayani pakati ndi mpeni, ukatuluka wouma ndiye kuti chapsa. Ngati muli ndi mwana wa kusekondale, mufunseni chomwe chafufumitsa chigumucho. Yankho amaliphunzira m'kalasi: soda akakumana ndi chinthu chowawasa monga chambiko pamatuluka mpweya wa carbon dioxide, ndipo mpweyawo ndiwo umapanga timabowo ta m'kati. Chigumu chili ndi ubwino woti chimaphikidwa masana n'kudikira madzulo, ndiponso chimaduliduka mofanana, kotero palibe wodandaula kuti wamanidwa.

Filimu ndi mbuliwuli zimayenderana kulikonse padziko. Theka la kapu ya chimanga cha mbuliwuli limadzaza mbale yaikulu yokwanira banja lonse. Tenthetsani masupuni awiri a mafuta m'poto wa chivundikiro, ponyanimo maso atatu a chimanga, akaphulika thirani chonsecho n'kuvundikira. Gwedezani poto pafupipafupi, ndipo kuphulika kukayamba kutalikirana tulani msanga zisanapserere. Chimangachi chimaphulika chifukwa m'kati mwake muli timadzi tomwe timasanduka nthunzi, khungu lolimba lija n'kulephera kuisunga. N'chifukwa chake chimanga chokhalitsa padzuwa n'kuumitsitsa chimakana kuphulika. Wofuna kukomako awaze supuni imodzi ya shuga ndi kamchere zikadali zotentha. Supuni imodzi pa mbale yonse, osati pa mwana aliyense.

Mbatata tisaiderere. Mitundu yofiira m'kati monga Kadyaubwerere, Chipika, Mathuthu ndi Zondeni, yomwe alangizi a zaulimi akhala akulimbikitsa, imapatsa thupi vitamini A amene amathandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi. Ikwirireni m'phulusa lotentha mukangotula nsima, pomwe mukumaliza kudya idzakhala itafewa. Ing'ambeni pakati n'kupakamo chiponde. Kapena phikani futali: mbatata yoduladula, ikafewa muthiremo nsinjiro ndi kamchere, itukutire pang'ono mpaka msuzi ulimbe. Ana ambiri amaiona mbatata ngati chakudya cha m'mawa chodyera kusowa, koma mukaigawa m'timakapu ndi supuni nthawi ya filimu imasanduka chinthu china.

Amene muli kufupi ndi milambe, monga kuchigwa cha Shire, ku Mangochi ndi ku Salima, muli ndi mwayi. Vikani malambe m'madzi pang'ono kwa ola limodzi, tikitani kuti ufa uchoke kunjere, sefani, kenako thiranimo mkaka wowiritsa womwe wazirala. Kuwawasa kwa malambe kumalimbitsa mkaka n'kukhala ngati yogati wa m'sitolo. Nyenyeranimo nthochi imodzi kapena ziwiri kuti kuwawasa kuchepe. Malambe ali ndi vitamini C wambiri. Ngati pakhomo pali filiji, thirani m'timakapu muike kozizira kwambiri, basi mwapanga mafilizesi anuanu omwe mukudziwa madzi ake. Nkhani ya madziyi njofunika. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, choncho madzi opangira chakumwa chilichonse cha ana akhale owiritsa kapena othira kolorini, ndipo aliyense asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya.

Zipatso nazo zimasinthana chaka chonse. Dzinja likamayandikira kumakhala mango ndi masuku, kenako mapeyala ndi magwafa, nyengo yozizira manachesi a ku Mwanza ndi masawu, pomwe mapapaya ndi nthochi sizisowa kwenikweni. Dulani mitundu iwiri kapena itatu m'mbale imodzi, finyiranimo ndimu kuti nthochi zisade, wazani mtedza wokazinga wosinja pamwamba. Peyala lonyenya pamodzi ndi nthochi limatsekemera lokha, ndipo mwana wamng'ono amalidya mosavuta ndi supuni.

Wina afunsa kuti bwanji osangogula botolo la zoziziritsa kukhosi ndi paketi ya mabisiketi n'kuthana nazo? Mu 2015 bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asafike gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zomwe munthu amapeza ku chakudya patsiku, ndipo linati n'kwabwino koposa akachepera theka la pamenepo, omwe ndi magalamu pafupifupi 25, kapena masupuni aang'ono 6. Zakumwa zambiri za m'mabotolo zimakhala ndi magalamu pafupifupi 10 a shuga pa mamililita 100 aliwonse. Botolo limodzi la mamililita 300 ladutsa kale muyeso wa tsiku lonse, mwana asanamwe n'komwe tiyi wa m'mawa. Zina mwa zakumwazi zilinso ndi caffeine amene amathawitsa tulo. Shuga wa m'chipatso chodya chathunthu sawerengedwa m'muyeso umenewu.

Ngakhale zophika pakhomo zili ndi malamulo ake. Zotsekemera zibwere pambuyo pa nsima, mwana atakhuta kale, kuti asadye mopitirira. Filimu ikatha aliyense atsuke mano asanagone, kaya ndi mswachi wogula kaya wa mtengo. Munthu akagona malovu amachepa m'kamwa, ndiye shuga wotsalira m'mano amakhala chakudya cha tizilombo usiku wonse, n'kumatulutsa asidi amene amaboola mano. Thobwa ndi zakumwa zina zichepe usiku ngati simukufuna kuyanika mphasa m'mawa.

Palinso ngozi yomwe ambiri sitiiganizira. Mbuliwuli ndi mtedza wathunthu si za ana osakwana zaka zisanu. Mumdima, maso ali pa kanema, mwana akuseka chakudya chili m'kamwa, kutsamwa sikuchedwa. Ang'onoang'ono apatseni futali wonyenya, peyala kapena nthochi, ndipo adye atakhala pansi pafupi ndi wamkulu. Uchi musampatse mwana wosakwana chaka. Mtedza wopangira chiponde ndi nsinjiro usankhidwe bwino palichero: wonyala, wobooka ndi wa chuku utayidwe, chifukwa chuku chimabweretsa poizoni wa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo satha ngakhale mukazinge chotani. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda choonera filimu zitseko ndi mawindo zili zotseka, poti mpweya wake umapha mwakachetechete.

Pa ntchito yophikayi anyamata asatsale. M'makomo ambiri mtsikana amakhala kukhitchini pomwe mchimwene wake wakhala kale pampando kudikira filimu iyambe. Gawani ntchito: wina asende mbatata, wina ayese makapu a ufa, wina atsuke mbale, wina aonetsetse kuti batire yadzaza dzuwa lisanalowe. Filimu isayambe mpaka onse atamaliza. Abambo nawonso tikhalepo tsikulo, bawo ndi mpira zidikire, chifukwa ana akaona kuti bambo awo alibe nazo ntchito nawonso sachedwa kugwa ulesi.

Nanga tionere chiyani? Kholo lionere kaye filimuyo, kapena lifunse amene anaionera, lisanaike pamaso pa ana. Kwa banja la ana okulirapo, The Boy Who Harnessed the Wind njoyenera kuyambira. Inatuluka mu 2019, anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, ndipo imasimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 anapanga makina oyendera mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake. Mbali yaikulu amalankhula Chichewa, kotero ngakhale agogo atsatira. Muli malo ena omvetsa chisoni okhudza njala ndi maliro, choncho ang'onoang'ono ndi bwino kuwapezera zidole zoseketsa. Filimuyi imatenga pafupifupi maola awiri, ndiye mukayamba 7 koloko, pofika 9 koloko aliyense ali pogona.

Ana a oyandikana nawo akamva fungo la mbuliwuli adzabwera ndithu. Musawapirikitse, paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Auzeni akapemphe kwa makolo awo, ndipo sabata yotsatira abwere ndi nthochi kapena kambale ka mtedza. Mabanja awiri kapena atatu akamasinthana chotere, mtolo umapepuka, ndipo makolo onse amadziwa komwe ana awo ali usiku wa Loweruka. Inu a m'madera ena, kaya ku Nkhata Bay komwe chinangwa ndi nthochi n'zosasowa, kaya ku Mulanje kwa ananazi, tilembereni zomwe mumawakonzera ana kwanuko kuti tidzagawane patsamba lino.