Ndalama za CDF zikhale poyera, zinsinsi za anthu zisungidwe

Kuyambira mu 2022, pamene boma linakweza thumba la chitukuko la CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, makhonsolo a Petauke ndi Nyimba akusunga zinthu ziwiri zofunika kuzisamala: ndalama za anthu onse ndi mbiri za anthu paokhapaokha. Mayi wopempha ngongole ya gulu ndi mwana wamasiye wofuna thandizo la fizi amasiya ku ofesi nambala ya reji, nambala ya foni ndi mbiri ya umphawi wawo. Ife tikuti makhonsolowa atsate mfundo imodzi: zokhudza ndalama ndi zigamulo zikhale poyera, zokhudza moyo wa munthu zitsekeredwe.

Malamulo otsogolera ntchitoyi alipo kale. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2021 limafuna kuti ofesi itenge kwa munthu zokhazo zofunikira pa ntchito imene yatchula, izisunge motetezeka, ndipo isamale koposa za matenda ake. Lamulo lopatsa anthu ufulu wodziwa za boma, limene Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina mu Disembala 2023, limalola nzika kufunsa zikalata ku mabungwe a boma, ndipo bungwe la Human Rights Commission ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Pamwamba pa awa pali lamulo la makhonsolo la 2019, limene limapereka malo kwa makomiti a chitukuko a m'mawadi. Malamulowa salimbana. Dzina la kontilakitala womanga chipinda cha sukulu, mtengo umene wapatsidwa ndi tsiku lomaliza ntchito si chinsinsi cha munthu aliyense, pakuti ndalamazo ndi za msonkho. Wogwira ntchito m'boma akakana kuulula zimenezi ponamizira kuteteza osauka, ndiye kuti khoswe wakhala pa mkhate, ndipo anthu asaope kumufunsa.

Ena adzanena kuti mndandanda wa olandira thandizo uyenera kumatidwa wonse pakhoma, apo ayi mayina a anthu omwalira ndi achibale a akuluakulu adzalowamo mwakachetechete. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, chifukwa anthu a m'mudzi ndiwo amazindikira msanga dzina labodza. Komatu kuti azindikire, dzina la gulu, wadi ndi kuchuluka kwa ndalama n'zokwanira. Nambala ya reji ndi ya foni siziwonjezera chilungamo chilichonse. Zimangopatsa njira akuba amene amaimbira anthu foni n'kuwanyenga kuti atchule nambala yachinsinsi ya ndalama zawo. Kulemba pakhoma kuti mwana uyu makolo ake anamwalira ndi matenda akuti n'kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Zoterezi azione a komiti ndi ofufuza za chuma, osati wodutsa aliyense.

Enanso akuti misonkhano ya khonsolo ikatseguka idzadzaza ochemerera zipani, ndipo makhansala adzaopa kulankhula zakukhosi. Phokoso limathetsedwa ndi wapampando wodziwa ntchito yake, osati ndi chitseko chotseka. Khansala amene sangathe kufotokoza pamaso pa omusankha chifukwa chimene mjigo wapita kumudzi uwu osati uwo, chigamulo chake n'chokayikitsa kale. Tikuvomereza kuti nkhani zina, monga mlandu wa wantchito mmodzi, ziyenera kukambidwa mseri. Zikatero, khonsolo itchule chifukwa chake poyera, itseke pa nkhani yokhayo, kenako ilengeze zimene yagamula.

Kutsegula chitseko pa boma kokha sikukwanira, chifukwa mlimi wa kwa Luembe, kwa Nyalugwe kapena wa ku Kaumbwe sangasiye munda kuti akamve msonkhano umene sanauzidwe. Tikupempha alembi a makhonsolo awiriwa kuti azilengeza tsiku ndi mitu ya msonkhano pa wayilesi za m'deralo nthawi ikadalipo, azitumiza zimene agwirizana ku wadi iliyonse m'Chinyanja ndi m'Chinsenga, ndiponso asankhe munthu mmodzi woyankha za kasungidwe ka mafomu a anthu. Makomiti a m'mawadi ndi mafumu ayambe kufunsa zimenezi pa msonkhano wotsatira wa khonsolo.