Posintha silabasi ya sayansi musaiwale mayeso a moko

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yanu yokomayi kuti ndiikepo maganizo anga pa nkhani yosintha maphunziro a sayansi. Ine ndine mphunzitsi wopuma wa kuno kwa Kasakula m'boma la Ntchisi, ndipo zaka zambiri ndinazithera pa bolodi ndikuphunzitsa sayansi ndi zaulimi m'makalasi akuluakulu a pulayimale.

M'chaka cha 2025 tinamva kuti bungwe la Malawi Institute of Education la ku Domasi, lomwe limakonza masilabasi a sukulu zathu, labwera ndi maganizo atsopano: chaka chimodzi cha kalasi yokonzekera, zaka zisanu ndi chimodzi ku pulayimale, zina zisanu ndi chimodzi ku sekondale, ndiponso kuti mwana azituluka akudziwa kuchita zinthu osati kungoloweza. Mawuwo ndi okoma ndithu. Koma ife a imvi tinawamvapo kale.

Mu 2007 silabasi ya PCAR inalowa m'sukulu za pulayimale ndi lonjezo lomwelo. Anatiitanira ku maphunziro, natiuza kuti mwana aziyesedwa pang'onopang'ono chaka chonse, ndipo mphunzitsi azilemba mmene mwana aliyense akuchitira. Ndinayesetsa, Akonzi, Mulungu ndi mboni. Koma chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo ana m'dziko muno anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi mamiliyoni atatu, makalasi athu sanapumepo. Ine ndinali ndi ana opitirira 100, ena atakhala pansi mpaka pakhomo. Kodi munthu mmodzi angatsate bwanji luso la ana onsewo mmodzimmodzi? Mabuku a malikisi aja tinkawadzaza usiku, tikamva kuti alangizi akubwera mawa. Ndikuulula poyera chifukwa anzanga ambiri akudziwa kuti sindikunama.

Chomwe ndinaphunzira n'chakuti m'kalasi mumalamula pepala la mayeso, osati buku la silabasi. Mwana wa Sitandade 8 akuyembekeza pepala la Primary Science la bungwe la MANEB, lomwe limaphatikiza sayansi ndi zaulimi, ndipo zotsatira za mayeso amenewa ndizo zimagamula ngati apite ku sekondale yogonera, ku CDSS, kapena atsale pakhomo. Makolo safunsa ngati mwana wadziwa chifukwa chake nthaka ikukokoloka. Amafunsa kuti sukulu yasankhitsa angati. Ndiye mphunzitsi wanzeru amatenga mapepala akale, ana n'kumaimba mayankho ngati nyimbo ya kwaya. Mwana atha kukutchulirani zonse zofunika kuti mbewu imere, koma asanaikepo nyemba m'chitini n'kuona yekha chomwe chimachitika ikasowa madzi.

Ku sekondale nako mavuto ndi omwewo. Phunziro la Physical Science analigawa pawiri, Physics ndi Chemistry, pofuna kuti ana azame. Chabwino. Koma m'ma CDSS ambiri akumidzi mulibe labotale, ndipo alipo ana amene amagwira chida choyesera kwa nthawi yoyamba masiku a mayeso a MSCE atayandikira. Onaninso za JCE: analembedwa komaliza mu 2016 boma litawathetsa, kenaka anabwereranso mu 2021. Kuchotsa ndi kubwezera kotereku kukusonyeza kuti akuluakulu nawo akudziwa mphamvu ya mayeso pa zomwe zimachitika m'kalasi.

Tsono silabasi imachokera ku Domasi, mayeso aakulu amachokera ku Zomba. Ife a ku Ntchisi ndi abale athu a ku Dowa tilibe mphamvu pa zimenezo. Koma chilipo chimodzi chomwe chili m'manja mwathu, ndicho mayeso a moko, aja ana a sukulu zonse za m'zoni kapena m'boma amalemba mofanana asanakumane ndi a MANEB. Amenewa amakonzedwa ndi aphunzitsi athu omwe, motsogozedwa ndi ma PEA ku ma TDC, ndipo kwa zaka zambiri makolo akhala akusonkha ndalama zosindikizira mapepala ake. Apa ndipo ndikufuna tidzifunse bwino.

Pa nthawi yanga, moko wa sayansi kawirikawiri unali mafunso akale a MANEB osinthidwa pang'ono. Zotsatira zikatuluka tinkangoona mndandanda: sukulu yakuti yoyamba, yakuti yomaliza. Wotsiriza ankanyozedwa pa msonkhano, basi nkhani yatha. Palibe ankakhala pansi n'kunena kuti funso la magetsi lagwetsa ana m'sukulu zonse, tsono vuto lili pati. Mwina buku, mwina chizungu cha funsolo, mwinanso ifeyo aphunzitsi sitinkamvetsa mutuwo, pakuti ena tinaphunzitsa za magetsi kunyumba kwathu tikuunikira koloboyi. Chaka china ndinaona ndi maso anga ana ofooka atauzidwa kuti asabwere tsiku la moko kuti sukulu isachite manyazi. Mayeso otere akuyesa chiyani?

Pempho langa kwa akuluakulu a maphunziro m'maboma athu awiriwa n'lakuti moko wa sayansi ukhale ndi gawo lochita ndi manja. Sizilira ndalama zambiri ayi. Kuno n'kumapiri, mvula ikagwa madzi amathamanga ndi nthaka ya m'minda mwathu. Mwana apatsidwe chingwe ndi levulo aonetse mmene amajambulira mzere wa akalozera pamalo otsetsereka. Athire madzi m'dothi la mchenga ndi la makande, afotokoze kusiyana kwake. Asefe madzi akuda ndi mchenga, makala ndi nsalu, ndipo anene chifukwa chake madziwo ayenerabe kuwiritsidwa kapena kuthiridwa kolorini asanamwedwe. Azindikire ntchemberezandonda pa tsamba la chimanga, mbozi zomwe zakhala zikutisautsa kuyambira nyengo ya 2016/17. Afotokoze chifukwa chake akasupe ozungulira nkhalango ya Ntchisi amadalira mitengo ya m'phirimo. Oyang'anira azichokera ku sukulu ina, ndipo mapepala akachongedwa azibwerera kwa ana, aphunzitsi a m'zoni n'kukumana kuunika funso lililonse.

Wina adzati izi n'zotaya nthawi popeza MANEB safunsa zochita ndi manja ku Sitandade 8. Nkhawayo ndikuimvetsa, ndipo sindikuti tisiye kukonzekeretsa ana mayeso. Koma pa zomwe ndinaona ine, mwana amene anachitapo chinthu saiwala msanga, ndipo funso likatembenuzidwa sasokonezeka ngati mnzake woloweza.

Palinso nkhani ya chiyankhulo. Mwana akafika Sitandade 5 zonse zimatembenukira m'Chingerezi, nthawi yomweyonso sayansi ikuyamba kulimba. Ambiri amalephera chizungu, ife n'kumati alephera sayansi. Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, pafupi pompano. Atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo potsatira zithunzi za m'buku la mulaibulale, chizungu chake chili chochepa. Gawo lochita ndi manja lingatithandize kuona ana otere, amene pepala lokha limawabisa.

Ndimalize ndi inu abusa ndi ansembe, popeza sukulu zambiri kuno ndi za mipingo. Pamene amishoni a Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889, ntchito ya sukulu inayenda pamodzi ndi ya tchalitchi, ndipo udindo umenewo sunakuchokereni. Mumabwera kudzapempherera ana akamalowa m'mayeso, zikomo. Koma bwerani ndithu pa msonkhano wa komiti ya sukulu zotsatira za moko zikatuluka, pamodzi ndi mafumu, mudzafunse ahedi kuti ndi mutu uti wa sayansi wagwetsa ana, ndiponso kuti ana onse olembedwa m'kaundula wa Sitandade 8 analemba kapena ena anatsala kunyumba.

Mphunzitsi wopuma,
Kasakula, Ntchisi.