Kusinthana kwanji koyenda njira imodzi?

Chaka ndi chaka mabungwe a ku Ulaya ndi ku America amaitana alembi, ojambula, osema ndi oyimba a mu Africa kuti akakhale kwawoko miyezi ingapo, atawalipirira ndege, nyumba ndi chakudya. Ku Berlin zimenezi zinayamba mu 1963, ku Iowa mu 1967. Ndalamazo sindikuzinyoza. Amene amalemba usiku ataweruka ku ntchito ina akudziwa kukoma kwa miyezi itatu yopanda landilodi pakhomo. Chimene ndikukana ndi dzina limene amapatsa maulendowa, lakuti kusinthana chikhalidwe.

Kusinthana kwanji kumene chipata chake ndi Chingerezi? Fomu ya Chingerezi, kalata yofotokoza luso lako ya Chingerezi, ndakatulo zako uzimasulire wekha. Mlakatuli wa Chichewa amene amadzaza holo ku Lilongwe kapena ku Chipata wagwa mayeso asanagwire cholembera. Oweruza aja sangayeze luso limene sakulimva, ndiye amangoyeza kalata. Achinyamata athu sanachedwe kuzindikira nyambo yake: tchula atsamunda, tchula kusintha kwa nyengo, ikapo chithunzi cha Gule Wamkulu ngakhale kudambwe sunapondeko. Umu ndi mmene ndalama imasinthira zimene timapanga popanda wotilamula.

Ukasankhidwa, viza ya Schengen ndi mayuro 90, osabwezedwa akakukana, ndipo uyenera kusonyeza umboni woti udzabwerera kwanu. Mlendo woitanidwa ayambe walonjeza kuti sakhalitsa!

Wina anena kuti wopempha sasankha. Koma ife si opempha okha, chifukwa njira ina tinaiyenda kale. Mu 1985 David Koloane ndi Bill Ainslie anayambitsa msonkhano wa aluso wa Thupelo ku Johannesburg, tsankho lili pachimake. Nzeruyo anaitenga ku Triangle ya ku New York, inde, koma woitana anali waluso mnzako, ndipo ntchito inkachitikira kuno. Zimbabwe inatsatira ndi Pachipamwe mu 1988, Bag Factory inatsegulidwa mu 1991. Ku Tengenenge, kumene kusema miyala kunayamba mu 1966, ambiri mwa osema oyamba anali antchito a m'mafamu a fodya ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, ndipo ena anabweretsa zimene ankadziwa za zigoba za Nyau. Palibe anawafunsa fomu.

Choncho kwa opereka ndalama, makamaka amene ali ndi maofesi m'dera lino monga Pro Helvetia ndi Goethe-Institut ku Johannesburg, ndikuti: landirani makalata olembedwa m'Chichewa, Chishona, Chibemba ndi Chimakhuwa, womasulira mumulipire ndinu. Pakati pa oweruza pakhale anthu omva zinenerozo. Pa munthu aliyense amene mukumukweza ndege ya ku Berlin, perekaninso ya basi kuti wosema wa ku Mua akakhale mwezi ku Tengenenge, wovina Mapiko wa ku Mueda adzaone gule ku Dedza. Ndipo waluso wanu wobwera kuno ayambe waphunzira kupereka moni.