Njinga ikathima panjira, fyuzi si mdani wanu

Tsiku lina mwezi wathawu ndidakwera kabaza kuchokera pa Mponela kulowera cha ku Ntchisi. Njinga yake idali yokalamba, mpando wosokasoka, koma injini inkamveka bwino. Dzuwa lidali litangolowa. Titagunda kabampu potsetsereka, zonse zidathima kamodzin'kamodzi: injini zii, getsi lakutsogolo thimu, hutala naye osalira.

Mnyamata woyendetsayo sadatekeseke. Adatsegula chivundikiro cham'mbali, n'kusolola fyuzi, n'kuiunika ndi foni. Kawaya kam'kati kadali katapsa. Adapisa m'thumba n'kutulutsa kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, n'kukulunga fyuziyo, n'kuibwezera.

"Achimwene, musadandaule, timatere tsiku ndi tsiku," adatero akumwetulira.

Njinga idaliradi. Koma tisadapite patali ndidamva fungo la pulasitiki yopsa, kenaka utsi udayamba kufuka kunsi kwa thanki, pakati pa miyendo yake. Adaima mwachangu n'kuzula waya wa batire ndi manja, zala n'kupsa nazo. Ulendo tidaumaliza wapansi, tikukankha.

M'mawa mwake makaniko wina wachikulire adapeza vuto asadathe n'komwe kumwa tiyi. Waya umodzi udali utaperepeseka pakhosi pa njinga, pomwe mawaya amapindika munthu akamakhotetsa handulo, ndipo unkakhudza chitsulo. Ntchito yake idali yongokulunga tepi. Koma kaamba ka kapepala kaja, mtolo wonse wa mawaya udasungunuka, ndipo njinga idagona masiku angapo mwini wake akusaka ndalama.

Nkhaniyi ndaifotokoza chifukwa njinga yamoto lero ndi munda wa mabanja ambiri. Ndiyo ikulipira fizi, kugula feteleza ndi kuthamangitsira mayi woyembekezera kuchipatala usiku. Koma momwe timachitira magetsi ake akavuta, mungayese ndi ya mdani. Ena amathamangira kudula mawaya, ena kugula zipangizo zodula, enanso kuloza chala anzawo apasiteji kuti awakhwimira. Ine ndikuti magetsi a njinga alibe matsenga. Amafuna kudekha ndi kutsata ndondomeko, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyambe ndi fyuzi. Kachipangizo aka adakapanga dala kuti kazipsa. Waya wa moto ukakhudza chitsulo cha njinga, chomwe amakaniko amati shoti, batire limatulutsa mphamvu yochuluka nthawi imodzi. Kawaya kopyapyala ka m'fyuzi kamaduka msanga kuti mawaya ena asapse. Fyuzi ikapsa yagwira ntchito yake. Mukaikapo waya, msomali kapena kapepala konyezimira, mwachotsa mlonda pakhomo mbala ili m'nyumba. Ndipo kumbukirani kuti mawayawo amadutsa kunsi kwa thanki ya petulo.

Kuika fyuzi yaikulu kuposa yoyenera nakonso ndi kudzinamiza. Pafyuzi iliyonse pamalembedwa nambala, monga 10A kapena 15A. Yapsa ya 10A, bwezeranipo ya 10A.

Nanga njinga ikathima, munthu ayambire pati? Choyamba, ikankhireni kumbali kwa msewu, kenaka mudzifunse kuti chafa n'chiyani, chatsala n'chiyani. Yankho la funso limeneli ndilo limalozera komwe kuli vuto.

Ngati zonse zafa, kagetsi ka nyutulo osayaka, hutala osalira, stata osagunda, kawirikawiri vuto limakhala pamalo anayi: fyuzi yaikulu yomwe imakhala pafupi ndi batire, mitu ya batire, waya wochoka kumutu wa (-) kupita kuthupi la njinga, ndi pa kiyi. Gwedezani mawaya a pabatire ndi dzanja. Misewu yathu ya mabampu imamasula mabawuti, ndipo mvula imabweretsa dzimbiri. Mukaona ufa woyera kapena wobiriwira pamitu ya batire, palani ndi sandipepala, tsukani ndi madzi osungunuliramo soda wophikira, kenaka mangani bwino. Pomasula batire yambani ndi mutu wa (-), ndipo pomanga mumalizire womwewo, kuopa kuti sipanala ingathethetse moto.

Ngati magetsi akuyaka koma injini ikukana, yang'anani kabatani kofiira kozimitsira injini kamene kali pahandulo. Musaseke, anthu akankhapo njinga mtunda wautali chikhalirecho katundu adangokankha kabatanika. Njinga zina zilinso ndi kaswitchi pamwendo woimikira, komwe kamadzadza matope. Mukatero pitani kupulagi. Imasuleni, ibwezereni m'chipewa chake, igunditseni pachitsulo cha injini kutali ndi bowo lake, n'kuponda kiki. Gwirani pa labala, ndipo pasakhale petulo wotayika pafupi. Mukaona kamoto kabuluu kakuthetheka, koyilo ndi CDI zili moyo, kafufuzeni kumafuta.

Eni njinga zakale za kiki, monga Yamaha AG 100 ndi DT 125 zija ankayendera alangizi m'midzi, adziwenso ichi: moto wa pulagi panjinga zoterezi umachokera ku magineto ya mu injini, osati kubatire. N'chifukwa chake zimatha kulira batire litafa. Choncho ikalira ndi kiki pomwe hutala ndi maindiketa zili chete, musavutike ndi CDI, vuto lili mbali ya batire.

Tsono mwaika fyuzi yatsopano ndipo yapsanso pompo. Apa ndiye pali shoti, ndipo amakaniko odziwa ntchito ali ndi njira yosavuta. Amachotsa fyuzi n'kulumikiza babu la njinga pamalo pake. Babulo likawala kwambiri, moto ukuthawira kuchitsulo penapake. Kenaka amazula mapulagi a mawaya limodzilimodzi, la getsi lakumbuyo, la hutala, la maindiketa, mpaka babu lija litazilala. Pomwe lazilalira ndi pomwe pali mlandu. Khotekhote ngwa njoka, utsata komwe kwaloza mutu. Malo oyamba kuwakayikira ndi pakhosi pa njinga, kunsi kwa thanki ndi kunsi kwa mpando, komwe mawaya amakhuzana ndi chitsulo.

Mita yoyezera magetsi nayo imanena zoona. Batire la mavolti 12 likadzadza limaonetsa pafupifupi 12.6 injini ili chozima. Injini ikamalira mwamphamvu, nambalayo izikwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikapanda kukwera, njinga sikutchaja. Ikapitirira 15, regulator yafa, ndipo mudzaona mababu akupsa pafupipafupi, madzi a batire akuphwa. Onetsetsaninso kuti njinga yanu ndi ya mavolti angati, poti zina zakale ndi za 6. Madzi owonjezera m'batire akhale ogula, opangira ntchitoyo, osati apachitsime.

Wina anena kuti izi n'zokamba munthu ali muofesi, nanga usiku pathengo, kasitomala ali kumbuyo, utani? Ndikumva, chifukwa usiku uja ndidalipo. Koma fyuzi ziwiri zapadera, tepi ndi kasikuludiraiva zimakwana m'thumba la malaya, ndipo fyuzi mtengo wake sufika n'komwe pa lita imodzi ya petulo. Zikakanika zonse, kukankha njinga usiku umodzi kuli bwino kusiyana ndi kuiimika sabata yathunthu, ngongole ikukudikira.

Eni njinga, inu amene mumalandira ndalama madzulo alionse, muli ndi mbali yanu. Mnyamata amene simumupatsa ya zokonzera adzakulunga kapepala basi, poopa kubwerako chimanjamanja. Nanunso anyamata, magetsi amitundumitundu, wailesi ndi zotchajira foni zomwe mukulumikiza pongosenda waya n'kupota, popanda fyuzi yakeyake, ndizo zimayambitsa shoti zambiri. Waya wopota ndi mano sakhalitsa pabampu.

Kwa amakaniko athu, ulemu wanu, koma chizolowezi choyamba n'kunena kuti "gulani CDI" musadayeze kalikonse chikusaukitsa anthu. Amene mwapita ndi njinga, funsani kuti ayeza chiyani ndipo apeza chiyani. Pemphani chipangizo chakalecho mupite nacho kunyumba. Makaniko woona sakwiya ndi funso, ndipo safunsa adadya phula.

Mnyamata uja ndidakumana nayenso pasiteji sabata yatha. Njinga ikuyenda, zala zidapola. Adatsegula chivundikiro cham'mbali n'kundionetsa fyuzi zitatu atazimata ndi tepi m'kati mwake.

"Achimwene, ndudu sindidasiye," adatero, "koma kapepala kaja ndimataya."